Ekizozi ya Land Cruiser yakale: musanagule paipi, pezani chimene chikuithyola

Bambo ena a ku Dedza andilembera za Land Cruiser yawo, pikapu ya HZJ75 ya 1994, ya injini ya 1HZ yopanda turbo, imene anawasiyira malume awo. Amanyamulira mbatatesi ndi kabichi kutsetsereka nazo ku Golomoti, pobwerera amakweza nsomba, nthawi zina ndi anthu kumbuyo. Ekizozi yawotchereredwa kasanu chaka chino chokha, ikuthyokabe pamalo amodzimodzi, ndipo fungo la utsi layamba kumveka m'kati mokhala dalaivala. Anzawo akuwauza kuti aike paipi ya mainchi 3 ya stainless, achotse sailensa, galimoto ipeze mphamvu pachitunda. Wogulitsa wina wawapezera ekizozi yathunthu yochotsa pa Land Cruiser 79. Akufunsa kuti agule chiyani.

Bambo, zikomo polemba. Ndiyamba ndi fungo lija, chifukwa pa zonse mwatchula ndi lokhalo limene lingatenge moyo wa munthu. Mu utsi wa injini muli carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha. Injini ya dizilo imatulutsa wochepa poyerekeza ndi ya petulo, komabe 1HZ yokalamba, italemedwa ndi katundu, ikukwera chitunda cha Khwekhwelere, pakati pa Golomoti ndi Dedza, pa giya 2 utsi wakuda uli tolotolo, imatulutsa wokwanira kukupweteketsani mutu ndi kukuwodzeretsani muli pa chiwongolero. Msewu umenewo mukuudziwa, si wowodzerapo munthu. Fungo limene mukumvalo ndi la zina za mu utsi, koma kumene lalowa, carbon monoxide walowanso. Mpaka mutakonza, yendani mawindo ali otsegula, tsekani zibowo za dzimbiri pansi pa mapazi, sinthani malabala ong'ambika a pa ndodo za magiya, ndipo musanyamule anthu kumbuyo mutafunditsa lona.

Tsopano ku paipi yothyokathyokayo. Chitsulo chikathyoka kasanu pamalo amodzi, mlandu si wa chitsulo ndipo nthawi zambiri si wa wowotcherera. Pali chimene chikuchikoka. Ekizozi ndi chinthu chomangidwa ku mabwana awiri osagwirizana. Kutsogolo yagwira injini, imene imagwedezeka ndi kupendekeka pa malabala ake nthawi iliyonse mukaponda mafuta kapena kusiya kilatchi. Kumbuyo yagwira chasisi, imene pa galimoto ngati yanu imapotoka tayala limodzi likalowa m'dzenje lina lili pamwamba. Kuwonjezera apo paipi imatalika ikatentha. Paipi yachitsulo wamba ya mamita 4 ikatentha ndi madigiri 300 imatalika pafupifupi mamilimita 14, ya stainless ya mtundu wa 304 imafika 20. Ngati palibe malo oti kugwedezeka, kupotoka ndi kutalika konseku kupite, paipi imadzipezera yokha, ndipo imasankha pafupi ndi chowotcherera chakale, pamene moto unafewetsa chitsulo. N'chifukwa chake mng'alu watsopano umatuluka m'mbali mwa wakale.

Choncho chinthu choyamba kugula mwina si cha ekizozi n'komwe. Tsegulani boneti, wina akoke handibuleki, aponde buleki, alowetse giya 1 n'kusiya kilatchi pang'ono, kenako achite chimodzimodzi pa rivesi. Inu muime pambali, osati kutsogolo, muyang'ane injini. Ikadumpha ngati ikufuna kutuluka, ma mounting, malabala amene injini yakhalapo, atha. Onaninso wa pansi pa giyabokosi, amene amafewa ndi oilo wodontha mpaka kukhala ngati phala. Galimoto ya zaka zoposa 30 imene sinasinthidwepo malabala amenewa idzathyola ekizozi iliyonse, ngakhale yodula motani. Mukatero gonani pansi muwerenge pamene ekizozi yapachikidwa. Ndinalandirapo Land Cruiser ina ya msinkhu wa yanuyi, mwiniwake atatopa ndi vuto lomweli. Labala wopachikira atathothoka, wina anatenga chitsulo chomangira nyumba n'kuwotcherera mbali ina ku paipi, ina ku chasisi. Kunena zoona sinkagwanso, koma mphamvu yonse inapita ku manifodi, chitsulo chosonkhanitsa utsi potuluka mu injini, masitadi (mabawuti oigwirizira ku hedi ya injini) awiri n'kuduka m'kati mwa hedi. Labala wotsika mtengo kwambiri pa galimoto yonse anabweretsa ntchito ya masiku atatu.

Manifodi yanu ya fakitale, ya chitsulo chochindikala chochita kuumba, isungeni ngati siinang'aluke. Chizindikiro choti ikutulutsa mpweya ndi kaphokoso ka tsi-tsi-tsi m'mawa injini ili yozizira, kamene kamachepa ikatentha chifukwa chitsulo chafufuma n'kutseka mpata. Muonanso mzere wa mwaye pa hedi pamene pakutulukira. Injini ya masilinda 6 oyalana mzere umodzi ili ndi manifodi yayitali, ndipo kutentha ndi kuzizira kwa zaka zambiri kumaipinda, masitadi a kumapeto n'kukhala oyamba kuduka. Mukaimasula, ikani rula yachitsulo pankhope yake. Kuwala kukaoneka pansi pa rula, pitani nayo kwa a engineering akaipale ikhale yosalala. Gasiketi yatsopano pa manifodi yopindika ndi ndalama yotaya, miyezi iwiri yapsa. Pa gasiketi imeneyi gulani ya Toyota yeniyeni kapena yachitsulo yofanana nayo, ndipo sinthani masitadi ndi manati onse nthawi imodzi. Masitadi akale athireni mafuta omasulira dzimbiri kuyambira dzulo lake, atenthetseni ngati akukana, osawakakamiza ndi chitsulo chachitali pa sipanala.

Ena adzakuuzani za branch, mapaipi 6 opindika amene amalowa m'malo mwa manifodi. A ku Australia, kumene ma 75 ndi ochuluka, amawatcha ma extractor. Yopangidwa bwino imathandizadi 1HZ kupuma pang'ono. Koma chitsulo chake n'chopyapyala, imatenthetsa kwambiri pansi pa boneti, ndipo pa misewu yamabampu imang'aluka pamene mapaipi akumana. Kwa munthu amene galimoto ndi khasu lake, ine sindiilimbikitsa. Manifodi ya fakitale yapirira zaka 30, ndipo ndi zochepa pa galimoto zimene zingadzitame choncho.

Nkhani ya mainchi 3 ndi mphamvu ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. 1HZ ndi injini ya 4,164 cc, ya mahatchi pafupifupi 130, imene Toyota anayamba kuika mu 70 Series mu 1990 m'malo mwa injini yakale ya 2H. Anaipanga kuti ikhalitse, osati ithamange. Popeza ilibe turbo, imakoka yokha mpweya umene ulipo, ndipo mpweya umapepuka munthu akamakwera. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Dedza ali pafupifupi pa 1,600. Pa mamita 1,000 aliwonse mpweya umachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, mphamvu ya injini n'kutsika nawo. Ndiye mukamva galimoto ikufooka mukuyandikira pamwamba pa phiri, mbali ina ya kufookako ndi phirilo, ndipo palibe paipi imene ingabweze mpweya umene kulibe. Pampu ikupitiriza kuthira dizilo yemweyo mu mpweya wochepa, n'chifukwa chake utsi umada kwambiri kumtunda. Ngati utsi wakuda ukuoneka ngakhale ku chigwa, yambani ndi fyuluta ya mpweya, kenako manozo, mavalavu ndi taimingi ya pampu. Zinayi zimenezi zimabweza mphamvu yambiri kuposa ekizozi iliyonse.

Pali chikhulupiriro china chosiyana ndi cha anzanuwo, choti injini imafuna kuti utsi uzipanikizika pang'ono potuluka. Nachonso si choona. Pisitoni ikamavutika kukankha utsi, mphamvu imeneyo yachoka ku matayala, ndipo kutentha kumatsalira mu hedi. Utsi uzituluka mosavuta, koma paipi ikakwana, kuikulitsanso sikuwonjezera kalikonse. Pa 1HZ yopanda turbo, mainchi 2.5, amene ndi mamilimita pafupifupi 63, ndi okwanira bwino lomwe. Ya mainchi 3 ili ndi mpata woposa pamenepo ndi 44 peresenti, mpata umene injini yanu ilibe utsi woti iudzaze. Chimene mungapeze ndi kulemera, phokoso lolindima m'kati mukamayenda pa tala, ndi paipi yonenepa yovuta kuidutsitsa pakati pa chasisi, giyabokosi ndi transfer case (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), mpaka wopanga amangoitsitsa pansi pamene miyala ikuidikira. Mainchi 3 ndi a injini ya turbo, monga 1HD-T ya mu 80 Series. Ndipo ngati maganizo oika turbo pa 1HZ angakufikireni tsiku lina, dziwani kuti compression yake, kapanikizidwe ka mpweya mu silinda, imapitirira 22:1 ndipo mapisitoni ake sanapangidwire zimenezo. Amene amatero mosamala amaika geji yoyeza kutentha kwa utsi n'kumaiyang'ana pachitunda chilichonse, pokumbukira kuti aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660.

Chofunika kuposa kukula kwa paipi ndi makhotedwe ake. Makina opindira amene ali m'magalaja ambiri amafinya paipi pokhota, m'kati n'kuchepa ndi kuchita makwinya. Paipi ya 2.5 yofinyidwa malo asanu imapuma ngati yaing'ono. Pali mapindidwe ena otchedwa mandrel, amene amalowetsa chitsulo m'kati mwa paipi popinda kuti isafinyike. Makhota opindidwa kale chonchi amagulitsidwa paokha, a madigiri 45 ndi 90, ndipo wowotcherera waluso akhoza kuwalumikiza ndi mapaipi owongoka. Amene ali ndi abale ku Johannesburg savutika kuwapeza, ndipo salemera m'chikwama. Chimene musalole ndi kudula paipi mopingasa n'kulumikiza ngati chigongono chakuthwa.

Sailensa musachotse. Galimoto yopanda sailensa imamveka ngati yamphamvu, khutu n'kunamiza phazi, koma mukayeza nthawi yokwerera phiri simupeza kusiyana koti n'kusimba. Chimene mutaye ndi chachikulu. Maola anayi m'phokoso lotero tsiku ndi tsiku amagonthetsa makutu pang'onopang'ono, ndipo makutu sabwerera. Simudzamvanso bering'i ikayamba kulira, kapena difu, kapena kagogodedwe kachilendo ka injini, pamene pa galimoto yakale khutu ndilo geji yodalirika. Mudzadzutsa midzi yonse potsika m'mbandakucha, ndipo pa COF, poyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndi pa marodibuloko mudzakhala mukudzipalira mafunso. Koma anzanuwo mwina pali chimene anaona. Sailensa yakale imatha kutsekeka: zitsulo zotchinga za m'kati zimadyeka n'kugwa, mwaye n'kuunjikana, galimoto n'kumalephera kukoka ndi kumatentha pachitunda. Munthu akachotsa yoteroyo, galimoto imadzukadi, iye n'kuganiza kuti sailensa iliyonse ndi mdani. Kuti mudziwe za yanu, imenyeni ndi chibakera ili yozizira. Mukamva zinthu zikuwayawaya m'kati, yatha. Mukhozanso kumasula paipi kutsogolo kwa sailensa n'kuyenda mtunda waufupi muli nokha, mawindo otsegula. Galimoto ikasintha kwambiri, sailensa inali yotsekeka.

Pogula yatsopano mupeza mitundu iwiri. Ina ili ndi zipinda m'kati, utsi umakhotakhota usanatuluke. Imeneyi ndi yachete, yofanana ndi ya fakitale. Ina ili ndi paipi yazibowozibowo yowongoka kuchokera kukhomo mpaka kotulukira, yokutidwa ndi ubweya wagalasi kapena wachitsulo. Mukasuzumira mumaona kuwala mbali inayo. Imeneyi imapuma bwino ndipo ilibe zogwa n'kutseka njira, koma imasokosa pang'ono, makamaka ikakhala yaifupi. Pa ntchito yanu ndingasankhe yowongokayi, koma yathupi lalikulu ndi lalitali, khomo lake la mainchi 2.5 ngati paipi. Pewani ya galimoto yaing'ono ya petulo, ngakhale ikuoneka yatsopano. Injini ya malita 4.2 siingapumire m'mphuno ya injini ya 1.5. Galimoto ya 1994 ngati yanu ilibe catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, kapena sefa ya mwaye ya magalimoto amakono, ndiye wina asakugulitseni zimenezo.

Pa chitsulo, mawu oti stainless amasokoneza anthu chifukwa si chinthu chimodzi. Ya 304 ili ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, imawala, siichita dzimbiri, ndipo maginito saigwira kwenikweni kupatula pang'ono pamene yapindidwa. Ya 409 ili ndi chromium pafupifupi 11 peresenti, maginito amaigwira, imachita kadzimbiri kofiirira pamwamba koma siiboola msanga, ndipo ndi imene mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito pa ekizozi. Pitani ndi maginito m'thumba, a mu sipika yakale akwanira, kuti musalipire mtengo wa 304 pa chinthu china. Koma dzifunseni kuti mdani wa paipi yanu ndi ndani. Ku Durban kapena ku Beira ndi mchere wa m'nyanja, ndipo kumeneko 304 ili ndi phindu. Ku Dedza adani ndi kugwedezeka, miyala, matope okakamira pamwamba pa sailensa, feteleza wotayikira kumbuyo m'nyengo yodzala, ndi madzi a m'kati. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya madzi ngati nthunzi. Pa maulendo aafupi nthunziyo imasanduka madzi mu sailensa, n'kusakanikirana ndi sulufule wa mu dizilo, n'kudya chitsulo kuchokera m'kati. Maulendo anu ndi aatali ndi otentha, amaumitsa zonsezo okha. Ndiye 304 ikuthetserani vuto limene mulibe, n'kukuwonjezerani limene muli nalo kale, chifukwa imatalika kwambiri ikatentha ndipo yopyapyala imang'aluka ndi kugwedezeka. Ikang'aluka muli pa Golomoti kapena ku Mtakataka, imafuna ndodo zake zowotcherera, 308L, kapena 309L polumikiza ndi chitsulo wamba, zimene wowotcherera wa pa msika sakhala nazo kawirikawiri. Ine ndingagule paipi yachitsulo wamba yokutidwa ndi aluminiyamu, kapena 409, yochindikala mamilimita 1.6 mpaka 2. Yachitsulo wamba aliyense amene ali ndi makina owotcherera akhoza kukuthandizani kuti mukafike kunyumba.

Paipi ya madzi yagalavanaizi ayi. Ndikudziwa imapezeka paliponse ndipo imaoneka yolimba. Koma ndi yolemera kwambiri, imakoka manifodi ndi kudula malabala, ndipo zinki wake, amene amasungunuka pa madigiri 420, amatulutsa utsi woyera wodwalitsa wowotcherera.

Ekizozi ya 79 ija isiyeni, pokhapokha ngati mukufuna sailensa yake yokha ndipo ili bwino. Land Cruiser 79 inabwera mu 1999 kudzalowa m'malo mwa pikapu ya 75, ndipo ngakhale zimafanana nkhope, pansi n'zosiyana. Mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa 75 ndi mamilimita 2,980, pa 79 ndi 3,180. Kutsogolo 79 ili ndi masipuling'i ozungulira pamene yanu ili ndi amasamba, ndipo akumbuyo anawatalikitsa. Khota lodumpha ekiselo ndi malo opachikira sizigwera pamodzimodzi. Komanso si 79 iliyonse ili ndi 1HZ. Zina ndi za turbo, ndipo kuyambira 2007 kunabwera ya V8. Mukagula, mudzaidula n'kuiwotcherera malo anayi, ndiye mwabwerera pomwe munali. Chenjeraninso ndi zochokera ku Dubai, kumene magalimoto ambiri ali ndi chiwongolero kumanzere, chifukwa paipi yakutsogolo ikhoza kudutsa njira ina. Kaya mukufunsa pa Malangalanga ku Lilongwe, ku Limbe kapena kunja, perekani nambala ya chasisi ndi zilembo zonse za pa kachitsulo ka pansi pa boneti, osangonena kuti Cruiser.

Mmene ndingaimangire yanu ndi motere. Ikhale zigawo zitatu zolumikizana ndi ma flange, timbale ta kumapeto kwa paipi tomangana ndi mabawuti: paipi yakutsogolo, sailensa, ndi mchira. Mwala ukaphwanya chimodzi, mumasintha chokhacho, ndipo tsiku lotsitsa giyabokosi simudula kalikonse. Paipi yakutsogolo igwiridwe ndi bulaketi ku injini kapena ku giyabokosi, kuti kulemera kwake kusapachikike pa masitadi a manifodi. Kuseri kwa bulaketiyo muike flex joint, kachigawo kofewa kolukidwa ndi waya, ka kukula kofanana ndi paipi, makamaka kamene kali ndi chotchinga m'kati. Kachigawoka kamangidwe kali kowongoka, kosakokedwa ndi kosanyamula katundu. Kuchokera pamenepo kupita kumbuyo, chilichonse chipachikidwe pa malabala, atatu kapena anayi, amodzi kutsogolo ndi kumbuyo kwa sailensa. Mukagwira mchira n'kugwedeza, ekizozi yonse izisuntha pang'ono osagunda kalikonse. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa paipi ndi chasisi, ndi woposa pamenepo pafupi ndi mapaipi a buleki, a dizilo, thanki, waya wa handibuleki ndi tayala lasipeya. Pamene mpata wakana, ikani kalata kotchingira kutentha. Nsalu yokulunga paipi imene ikutchuka masiku ano imasunga matope, madzi ndi oilo, paipi n'kuolera m'kati mwake osaoneka. Powotcherera pa galimoto pomwepo, chotsani batire ndipo tchingani thanki.

Sailensa ndi paipi zisatsike kupyola chasisi, kuti mwala ukumane ndi chasisi poyamba. Musanalipire wopanga, kwezani matumba kumbuyo, mukwere chulu kapena mtumbira ndi tayala limodzi lakumbuyo, kenako linzake, muone ngati ekiselo, shoko kapena purope (chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ku difu) zikuyandikira paipi. Galimoto yopanda katundu pa simenti ya galaja siikuuzani zoona. Mchira utulukire kuseri kwa tayala lakumbuyo, cham'mbali, upyole bodi pang'ono, wowerama pang'ono kuti mvula isalowe koma osaloza pansi penipeni, chifukwa udzadzutsa fumbi lolowa m'kabichi. Usathere pansi pa bodi. Kumbuyo kwa galimoto yoyenda mpweya umazungulira n'kubwerera, ndipo utsi wosiyidwa pamenepo umakwera kwa anthu amene mwanyamula.

M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, mukalowa m'minda ndi m'madambo kukatenga katundu, udzu wouma umaunjikana pamwamba pa sailensa ndi pa transfer case. Khalani ndi kawaya kokhota kokokera udzuwo mukangotuluka, ndipo musaimike galimoto yotentha pa tsekera. M'dzinja, mukafika pa mtsinje mutangotsika kapena kukwera phiri, dikirani mphindi zingapo manifodi izizire, chifukwa chitsulo choumba chotentha chimang'aluka madzi ozizira akachiwaza. Muli m'madzi injini isazime. Utsi wotuluka ndiwo ukutchinga madzi kuti asalowe ku mchira.

Mukamanga zonse, tsikani Khwekhwelere kamodzi ndi katundu n'kubwerako. M'mawa mwake, injini ili yozizira, mangitsaninso manati a manifodi ndi mabawuti a ma flange, chifukwa gasiketi yatsopano imakhazikika ikatentha koyamba. Kenako tengani tochi muyang'ane polumikizira paliponse. Mukaona mzere wakuda wa mwaye, kapena malo owala pamene paipi yakhala ikukhuza chitsulo china, ndilembereninso mundiuze kuti ndi pati.